Nkhani yanga ya ofufuza mizimu m'dambo ikuseketsa anthu m'malo mowaopsa

"Zikomo bambo. Ndine mnyamata wa zaka 22, kwathu ndi ku Nchalo koma pano ndikuphunzira ku Blantyre. Ndalemba nkhani yaifupi yoopsa ya masamba 6, yomwe ine ndi anzanga tikufuna kuijambula pa foni n'kuiika pa YouTube. Ikukamba za anthu atatu ofufuza za mizimu amene apita kudambo usiku ndi makina awo, ndiye chilombo chikuwagwira mmodzimmodzi. Dambolo ndaliika ku America chifukwa mafilimu amene ndimaonera amachitikira kumeneko. Nkhaniyo ikuyamba chonchi: 'Kunali mdima woopsa ndipo dambo linali loopsa kwambiri.' Nditawawerengera anzanga anangofa nalo phwete, wina mpaka anati ikukhala ngati katuni. Nawo azakhali anga akuti ndisiye chifukwa zoterezi zimaitana zinthu. Kodi ndalakwitsa pati? Nanga tingapite kukajambulira ku Elephant Marsh usiku?"

Achimwene, pepalalo musaling'ambe. Anzanu akaseka nkhani yoopsa sizitanthauza kuti mulibe luso. Mantha ndi phwete zimayendera limodzi, chifukwa zonse zimabwera munthu akadzidzimutsidwa, ndipo nkhani yoopsa ikangophonya pang'ono imagwera kunthabwala. Pa zaka zimene ndakhala ndikulemba masewero a pa wailesi ndi kukonza nkhani za achinyamata, zoopsa zambiri zimene zadutsa m'manja mwanga zinkadwala matenda omwewa, ndipo ndi ochizika.

Tiyambe ndi chiganizo chanu choyambacho. Mwatchula kuopsa kawiri koma palibe chimene mwandionetsa. Munthu sachita mantha chifukwa wauzidwa kuti malo ndi oopsa. Tsitsi limamuima akaona chinthu chimene amachidziwa bwino chitakhala mosayenera. Ndiye muyenera kuyamba mwamudziwitsa malowo, ndipo simungamudziwitse dambo limene inu eni ake simunapondemo. Madambo ambiri a m'mafilimu amene mumaonerawo ndi a ku Louisiana, kumwera kwa America, kumene mtsinje wa Mississippi umakathira m'nyanja yamchere. Kuli mitengo ya cypress yoima m'madzi, ndere zotuwa zolendewera m'nthambi zake, ndi ng'ona zakumeneko zotchedwa alligator. Ambiri mwa anthu a m'madambomo ndi a Cajun, zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa amene Angerezi anawapitikitsa ku Canada kuyambira mu 1755. Ali ndi nthano zawozawo: rougarou, munthu wosanduka chilombo usiku, ndi fifolet, kamoto koyenda pamwamba pa madzi kosocheretsa anthu. Eni ake zimawaopsa chifukwa anazimva kwa agogo awo ali ana. Inu mwabwereka chithunzi chokha, agogowo mwawasiya komweko. Mukafuna kuti nkhaniyo ikhalebe ku Louisiana palibe chokuletsani, koma mudzayenera kuwerenga za malowo mpaka mudziwe fungo lake, ndipo pojambula mudzasowa mitengo ya cypress ku Nchalo. Ine ndikanakhala inu ndikanaibweretsa kwanu.

Pajatu kwanuko kuli dambo limene wolemba aliyense angalisirire. Elephant Marsh ili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pamene Shire amamwazikira m'bango asanakumane ndi Ruo pa Chiromo. Kukula kwake kumasintha ndi madzi, koma dera limene linalembedwa mu 2017 m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndi loposa mahekitala 60,000. Dzinalo analipereka David Livingstone mu 1859 ataona njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi, ndipo lero mulibe njovu ndi imodzi yomwe. Mu Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduzika n'kutaya mankhwala a kwinini. Chaka chotsatira, nthawi ya njala ndi nkhondo zogwira akapolo, gulu la Livingstone linkaona mitembo ikuyandama mu Shire, ina n'kumakodwa usiku m'zopalasira za sitima yawo. Pamenepo onjezani madzi osefukira a mu 2015, namondwe Freddy wa mu 2023, ndi amayi amene amalowa m'madzi kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi, chaka cha njala akudziwa kuti ng'ona zili momwemo. Malo oterewa safuna chilombo chobwereka.

Chotero musanasinthe liwu ndi limodzi lomwe, pitani masana mukakhale padoko ndi asodzi, kope lili m'manja. Lembani zimene mphuno ndi khungu zikukuuzani. Matope akuda aja akavundulidwa amanunkha dzira lovunda. Msundu ukakumamatira pakatumba sumva kupweteka, umangodzaona magazi. Bango ndi gumbwa zimatalika kuposa munthu woimirira m'bwato, moti mnzako ali pafupi pomwepa umamumva koma sumuona. Ndipo dambo lili ndi chinthu chimodzi chimene nkhalango ngakhale manda alibe: njira zake zimayenda. Namasupuni ndi zisumbu za udzu woyandama zimakankhidwa ndi mphepo ndi madzi, n'kutseka mpata umene munadutsa kumadzulo. Taganizani mutalemba chonchi:

"Pobwerera anapeza kuti pamene panali mpata paja pali bango lokhalokha. Mkulu wopalasayo sanayankhule. Anangoika nkhafi pamiyendo, n'kuvula chipewa."

Mawu oti kuopsa mulibemo, koma amene wawerenga wadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, chifukwa munthu wodziwa dambolo kuposa onse wasiya kupalasa.

Tsopano ofufuza anuwo. Apa m'pamene ndikuganiza kuti panachokera mawu a katuni aja. Ntchito yofufuza mizimu ndi makina ili ndi kwawo. Ku London bungwe la Society for Psychical Research linakhazikitsidwa mu 1882 kuti lifufuze zoterezi mwa njira ya sayansi, ndipo mapulogalamu a pa TV a ku America ndi ku Britain ndi amene anatchukitsa magulu oyenda usiku ndi matochi, makamera ndi timakina tolira. Kumeneko anthu akaona gulu lotere amangoti ndi aja a pa TV. Kwathu kuno alendo atatu ofika pamudzi dzuwa litalowa, atanyamula zikwama ndi zipangizo zothwanima, amaganiziridwa zina. Mukukumbukira za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo United Nations inachotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Ngati ofufuza anu akungotsika galimoto n'kulowa m'bango popanda wowafunsa kuti ndinu ayani, wowerenga wa ku Chikwawa sangakukhulupirireni. Koma mukalemba kuti kumtunda anthu ayamba kusonkhana ndi miuni pamene atatuwo ali pakati pa madzi, mwawatsekera mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kuli chimene sakuchidziwa, kumbuyo kuli anthu amene akuwaopa iwowo.

Dzifunseni kuti kwathu kuno amafufuza zodabwitsa ndani. Ndi mtolankhani wa pa wailesi amene akufuna nkhani yoti imutchukitse. Ndi wophunzira sayansi amene akufuna kutsimikiza kuti zonsezi n'zabodza. Ndi m'busa, ndi sing'anga, ndi wapolisi wotumidwa chifukwa asodzi awiri asowa. Sankhani atatu amene sangagwirizane, aliyense mumupatse chimene akufuna m'dambomo, ndipo mmodzi akhale ndi chifukwa chimene sanawauze anzake. Mwina mchimwene wake ndi mmodzi mwa osowawo, ndipo tsiku losowalo anali atakangana. Munthu wopanda chimene akufuna akagwidwa ndi chilombo, woonera samva chisoni, amangowerenga kuti atsala awiri. N'chifukwa chake anzanu anaseka.

Mphamvu ya nkhani ya ofufuza ili pa chinthu chimene ambiri amachitaya: ofufuzawo ayenera kukhala anzeru. Chodabwitsa chilichonse chikaoneka, wasayansi uja achifotokoze, ndipo kufotokozako kukhale koona. Dambo limakupatsani zambiri zoterezi. Akaona timoto, pali ziphaniphani, pali nyali za asodzi, palinso maso a ng'ona amene amafiira ukawaunika ndi tochi. Akaona thovu likutuluka pansi, umenewo ndi mpweya wa methane wochokera ku zomera zovunda m'matope. Alessandro Volta wa ku Italy anautolera mu 1776 povundula matope a m'bango la nyanja ya Maggiore ndi ndodo, n'kupeza kuti umayaka. Anthu a mitundu yambiri akhala akusimba za moto wotuwa woyenda m'madambo, ndipo akatswiri ena amati umayamba methane akasakanikirana ndi mpweya wina wotchedwa phosphine, ngakhale mtsutso wa mmene umayakira sunathe. Akamva mawu a anthu pamene palibe munthu, usiku phokoso limayenda kutali pamwamba pa madzi chifukwa cha mpweya wozizira umene umakhala pamenepo, moti kucheza kwa asodzi a kutsidya kumamveka ngati kuli kuseri kwa bango. Kamakina kolira kaja ka ofufuza mizimu, kotchedwa EMF, kanapangidwira oyeza mphamvu ya magetsi, ndipo kangathe kulira chifukwa cha foni ili m'thumba mwa amene wakagwirayo. Akajambula phokoso la achule ndi mphepo n'kulimvetsera kangapo, ubongo umayamba kupangamo mawu, makamaka wina akanena kale kuti "tamvani, akuti bwerera". Palinso nkhani ya injiniya wa ku England, Vic Tandy, amene mu 1998 anafotokoza za chipinda chogwiriramo ntchito momwe anthu ankagwidwa nthumanzi, iye n'kuona chinthu chotuwa m'mbali mwa diso. Anapeza kuti chokupizira mphepo china chinkatulutsa phokoso lapansipansi la mahezi pafupifupi 19, kutanthauza kunjenjemera ka 19 pa sekondi, limene khutu silimva. Si akatswiri onse anagwirizana naye, koma kwa wolemba ndi chida chabwino. Ndipo musaiwale malungo: munthu thupi likatentha kwambiri amabwebweta ndi kuona zinthu.

Muloleni wasayansi wanu apambane kanayi kapena kasanu, mpaka woonera ayambe kumudalira ndi kumasuka. Kenako mubweretse chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, chimene iye sangachifotokoze, ndipo tione pankhope pake kuti wasowa chonena. Mantha a munthu wosakhulupirira amaopsa kuposa kukuwa kwa anthu khumi okhulupirira kale.

Chinthu chimodzicho mungachitenge m'nthano zimene munakula nazo. Nthano zathu zambiri zimayenda pa lamulo: wina amauzidwa kuti usatsekule, usacheuke, usadye, ndiye omvera tonse timadikira nthawi imene aswe lamulolo. Mwambi uja umati safunsa anadya phula, koma wa m'nkhani yoopsa amakhala atauzidwa. Ambirife tinauzidwa tili ana kuti ukamva dzina lako likuitanidwa usiku usamayankhe usanaone wokuitanayo. Tiyerekeze kuti mkulu wopalasa uja wanena zimenezi ponyamuka, mtolankhani n'kuseka. Usiku wonse palibe amene waitanidwa. Ndiye cha m'ma 3 koloko, ali chikhalire pa mpata wotsekeka uja, wasayansi akuyatsa chojambulira mawu kuti amve za achule. Akumva achule, akumva madzi akugunda bwato, kenako akumva mawu a mtolankhani, omveka bwino, aulemu, akuti "Wawa?" Onse akumuyang'ana. Iye akulumbira kuti sanatsegule pakamwa. Chitsanzochi ndangochipeka pompano, mukhoza kuchitenga kapena kupeza chanu choposa pamenepa. Chimene ndikufuna muone n'chakuti sichikufuna ndalama, sichikufuna chovala cha chilombo, ndipo aliyense wakwathu achimva m'mimba.

Za chilombocho ndinene mwachidule: musachionetse. Mnzanu atavala chigoba cha pulasitiki ndi masaka adzaoneka kuti ndi mnzanu atavala chigoba ndi masaka. Onetsani bango likupatuka, bwato likupendekera mbali imene kulibe munthu, nsapato imodzi ikuyandama. Komanso m'masamba 6 mulibe malo ophera anthu atatu. Sewero la filimu likalembedwa m'kalembedwe kake, tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi, ndiye muli ndi mphindi 6 zokha. Usiku umodzi, bwato limodzi, funso limodzi, ndipo wosowa akhale mmodzi, kapena pasakhale wosowa n'komwe.

Azakhali anu musawaseke. Ine sindinaonepo wolemba amene anavulazidwa ndi mawu amene analemba papepala, koma ndaonapo nkhani zikuvulaza anthu amoyo, ndipo mwina nkhawa yawo ili pamenepo. Musatchule mudzi weniweni n'kunena kuti muli mfiti. Musaike gogo wokhala yekha kuti ndiye mwini zoopsazo, chifukwa okalamba akhala akuphedwa m'dziko muno pa mlandu womwewo, monga anayi aja a ku Neno mu 2016, komanso lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona, mzimu wopemphedwa mvula, ku Khulubvi, malo opatulika amene ali ndi oyang'anira ake. Amenewo si malo ojambulirako zoopsa, ndipo dzina la Mbona si loti mulisandutse chilombo. Mukakhudza za madzi osefukira, kumbukirani kuti ena mwa oonera anu anataya abale awo ndipo ena sanawaike m'manda n'komwe. Pekani dzina la mudzi, pekani lamulo lanu, ndipo azakhaliwo muwapemphe akusimbireni zimene iwo anamva ali mtsikana. Mudzadabwa kuti okana kwambiri ndi amene amakhala ndi nkhani zabwino.

Pa funso lomalizalo yankho langa ndi ayi. Musapite kukajambula ku Elephant Marsh usiku. Mvuu zimatuluka kukadya usiku ndipo imodzi yokha imagubuduza bwato. Ng'ona za mu Shire zimagwira ngakhale asodzi amene anabadwira pomwepo, nanga inu amene maso adzakhala ali pa foni? Udzudzu wa malungo umaluma kwambiri nthawi yomweyo. Ndipo mutapirira zonsezi, foni mumdima idzakupatsani chithunzi chakuda chodzaza timadontho. Chimene mungachite ndi ichi. Zithunzi za dambo lenileni kajambuleni m'mamawa kapena dzuwa likupendeka, mutadzionetsa kaye kwa amfumu ndi ku komiti ya padoko, mutalongosola chimene mwadzera, mutalemba ganyu msodzi wodziwa njira, ndipo aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Msodziyo akati uku sitipita, musatsutse. Kuuzako apolisi a m'deralo n'kwanzeru. Phokoso la usiku lijambuleni muli kumtunda, kutali ndi madzi, pakhomo pa munthu amene wakulandirani. Zochitika za m'bwato usiku zijambuleni pouma: bwato liikeni pa matayala akale kuti wina azilitekesa, kumbuyo muimike bango lodula, nkhope muziunike ndi tochi imodzi kapena nyali, ndipo wina azivundula madzi m'beseni pafupi ndi maikolofoni. Woonera akaona kale dambo lenileni poyamba, amakhulupirira kuti bwatolo lili pamadzi. Ife a pa wailesi takhala tikuwolotsa anthu mitsinje ndi ndowa imodzi.

Ndipo poti ndatchula wailesi, ganizirani zoyamba mwaipanga ngati sewero la mawu okhaokha, loti anthu azitumizirana pa WhatsApp. Nkhani ya chojambulira mawu ija imakoma kwambiri m'makutu kusiyana ndi m'maso, ndipo mudzadziwa ngati ikuopsa musanawononge ndalama ya thiransipoti. Poyesa, musawerengere gulu la anzanu masana pakhonde, chifukwa pagulu aliyense amaseka kuti asaoneke wamantha. Mupatseni munthu mmodzi amvere yekha usiku, m'mawa mumufunse pamene anafuna kuzimitsa ndi pamene anayamba kutopa.

Mukabwerako kudamboko n'kumva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi, ngakhale patapita sabata imodzi mpaka mwezi, pitani kuchipatala akakuyezeni malungo tsiku lomwelo. Ngati munaponda m'madzi ndipo patapita masabata mwaona magazi mumkodzo kapena mukumva kuwawa pokodza, kayezetseni likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo limachizika. Kulota zoopsa masiku amene mukulemba nkhani yotere si zachilendo. Koma mukaona kuti tulo tasoweratu kwa masabata, mantha akukulepheretsani kuphunzira, kapena mwayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, isiyeni kaye nkhaniyo, muuze munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo mukaonane ndi dokotala. Pa za luso, a Malawi Writers Union ndi a Film Association of Malawi angakulumikizeni ndi anthu amene anayenda kale njirayi. Mukafuna kuika nyimbo ya munthu wina mufilimuyo funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo mukadzafuna kuionetsa pagulu m'holo, yambani mwafunsa ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu.

Mukailembanso, nditumizireni tsamba loyamba lokha ndi mndandanda wa zimene aliyense mwa atatuwo akufuna m'dambomo. Pa ziwirizo ndidzatha kukuuzani ngati masamba asanu otsalawo ali okonzeka kujambulidwa.